Kuweta ma wrasse mu thanki ya madzi a mchere kuno ku Kasungu, muidziwe kaye nsomba musanatulutse ndalama

Kuweta nsomba za m'nyanja ya mchere kuno ku Kasungu kumatheka ndithu, olo kuti nyanja ya mchere yoyandikira ili ku Mozambique uko ndipo ife tinazolowera chambo, mlamba ndi mbuna. Madzi timachita kusakaniza tokha, nsomba zimabwera pa ndege. Nde pa nsomba zonse zomwe anthu amasirira akaonera mavidiyo pa YouTube, ma wrasse ndi omwe amatenga mtima kwambiri, mitundu yake yowala komanso sakhala phee, tsiku lonse amangozungulira miyala kusakasaka chodya. Vuto lake ndi loti ma wrasse alipo mitundu yoposa 600, onse a banja la Labridae, kena kamathera pa masentimita 6, pomwe Cheilinus undulatus imafika mamita 2. Wogulitsa akangoti "ndili ndi wrasse yokongola bwana" sanakuuzeni kanthu. Musanatumize ndalama mudziwe kuti imagona pati, imadya chani, nanga ikakula idzafika pati, chifukwa thanki yonse muikonza potengera mayankho amenewa.

Choyamba, phunzirani kuizindikira

Yang'anani kasambiridwe kake. Nsomba zambiri zimadzikankha ndi mchira, koma wrasse imapalasa ndi tizipsepse ta m'mbali timene tili kuseri kwa mutu, ngati mmene munthu amapalasira bwato, mchira imaugwiritsa ntchito ikadzidzimuka kapena ikafuna kuthamanga basi. Thupi lake ndi lalitali, chipsepse chapamsana ndi chimodzi chochokera pafupi ndi mutu mpaka kuyandikira mchira, milomo yokhuthala, ndipo mukayang'anitsitsa muona timano tosongoka kutsogolo. Kukhosi kuli nsagwada zina zophwanyira zigoba za nkhono ndi nkhanu, zomwe chambo ndi mbuna zathu zilinso nazo.

Mtundu wa pakhungu wokha musaukhulupirire. Ma wrasse ambiri amayamba moyo ali aakazi, kenako yomwe yakula ndi kukhala yamphamvu pagulupo imasintha nkukhala yaimuna, ndipo ikasintha maonekedwe amasinthanso mpaka mutha kulumbira kuti ndi nsomba ina. Kamwana, yaikazi ndi yaimuna za mtundu umodzi zitha kuoneka ngati nsomba zitatu zosadziwana. Nde muzimufunsa wogulitsa dzina la chi Latin, akutumizireni vidiyo ya nsomba yeniyeniyo pa WhatsApp osati chithunzi chotenga pa intaneti, kenako lembani dzinalo pa FishBase, webusaiti ya mitundu ya nsomba, muone kutalika kwake ikakula komanso zithunzi za kamwana ndi yaikulu. Wogulitsa amene sakudziwa dzina la chi Latin la nsomba yake ine sindingamupatse ndalama yanga.

Chachiwiri, dziwani kuti ili m'gulu liti

Apa mpomwe pali nkhani yonse, nde ndichedwapo.

Gulu loyamba ndi ogona m'miyala omwe savuta makorali, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera zomwe ena amaweta mu thanki. Muli Cirrhilabrus, omwe m'mashopu amawatchula fairy wrasse, ndi Paracheilinus omwe amati flasher wrasse. Awa amadya tizilombo toyandama m'madzi, masana amakhala pakatikati pa thanki poonekera, usiku amalowa pamng'alu wa mwala nkudzikuta ndi kathumba koterera kotuluka pakhungu pawo. Mchenga sawafunikira pogona. Cirrhilabrus lubbocki ndi kakang'ono, masentimita 7 kapena 8, ndipo kamapirira, koyenera munthu woyamba. Cirrhilabrus exquisitus imapezekanso m'mbali mwa East Africa. Mitundu yatsopano ya gululi ikupezekabe mpaka pano, mwachitsanzo Cirrhilabrus wakanda anaipeza m'madzi akuya kufupi ndi Zanzibar nkuilengeza mu 2019. Ma flasher muwadziwira chipsepse chapamsana cha yaimuna chomwe chimakhala ndi timinga titalitali. Paracheilinus mccoskeri, ya ku Indian Ocean, ili ndi kamodzi katalitali, pomwe Paracheilinus carpenteri imakhala ndi tiwiri mpaka tinayi, kupanda kuwerenga timeneti mungazisokoneze chifukwa zonse ndi za olenji za mizere ya buluu. Madzulo magetsi a thanki akamayandikira kuzima, yaimuna imaima kaye pang'ono, kenako imatambasula zipsepse zonse nthawi imodzi, mizere ya buluu ija imawala kwambiri, thupi limachita kusintha mtundu, nkuthamanga kudutsa pamaso pa zazikazi kenako nkupinda zonse ngati palibe chachitika, masekondi awiri atatu basi. Kwa ine gulu ili ndi lomwe munthu wa kuno ayenera kuyamba nalo.

Gulu lachiwiri ndi ogona mumchenga. Halichoeres ndi omwe amapezeka kwambiri. Halichoeres chrysus ndi yachikasu thupi lonse, yaing'ono imakhala ndi timadontho takuda pa chipsepse chapamsana, imafika masentimita 12. M'mashopu ena amaitchula yellow coris koma si Coris ayi, mtundu wa zimphona womwe ndiutchula kumunsiku, musaope. Ilipo inzake yofanana nayo, Halichoeres leucoxanthus, kusiyana kwake ndi koti iyi ndi yachikasu kumsana koma kumimba ndi yoyera. Halichoeres melanurus ili ndi mizere yobiriwira ndi ya olenji yoyenda mlitali, ndipo Halichoeres iridis ya kuno kumadzulo kwa Indian Ocean ndi yofiira moderako, mutu ndi msana wachikasu. Ubwino wa awa amagwira ntchito, amatola tinyongolotsi taphanthiphanthi ndi tinkhono tating'onoting'ono tomwe timavutitsa makorali. Kuipa kwake akakula amatha kudya ma shrimp ang'onoang'ono omwe mwagula modula.

Momwemo mulinso Macropharyngodon, leopard wrasse ija ya mawangamawanga. Macropharyngodon bipartitus ndi ya mbali yathu ino ya Africa, yaikazi ndi yofiirira ya madontho oyera, kumimba kwakuda. Ndi yokongola zedi koma ndikupempheni, musayambe nayo. Imafooka kwambiri paulendo, nthawi zambiri imafika ili ndi njoka za m'mimba, ndipo imadalira tizilombo tating'ono totchedwa ma copepod tomwe timaswana tokha m'miyala ya thanki yomwe yatha miyezi 6 kupita mtsogolo. Mu thanki yatsopano imangoonda pang'onopang'ono mpaka kufa. Ma wrasse a mtundu wa Anampses ndi chimodzimodzi, mwinanso kuposa pamenepa.

Kenako pali Pseudocheilinus hexataenia, six line wrasse, yomwe imapezeka paliponse ndipo ndi yotchipa. Thupi lapepo, mizere 6 ya olenji, diso lofiira lokhala ndi timizere tiwiri toyera, kadontho kakuda pamwamba pa tsinde la mchira. Sikapitirira masentimita 10 ndipo nkolimba, koma kandewu koopsa, kakazolowera thanki kamayamba kuthamangitsa wrasse iliyonse yatsopano mpaka mlendoyo kudumpha kapena kubisala osadya. Ngati mukufuna ma fairy ndi ma flasher, kasiyeni aka. Kukachotsa kakalowa m'miyala mumachita kupasula thanki yonse.

Labroides dimidiatus, cleaner wrasse, ndi ya buluu moyererako yokhala ndi mzere wakuda wochokera kukamwa womwe umakula ukamayandikira kumchira. M'nyanja ntchito yake ndi kuchotsa tizilombo pakhungu la nsomba zina, ndipo ndi yanzeru, mu 2019 gulu la Masanori Kohda ku Japan linaonetsa kuti imadzizindikira pagalasi loonera. Koma mu thanki ya pakhomo mulibe nsomba zokwanira zoti izitsuka, ina imazolowera chakudya chathu ina imakana, ndipo kuichotsa m'nyanja kumasiya nsomba za kumeneko zopanda wozitsuka. Ine sindilimbikitsa. Chenjeraninso ndi Aspidontus taeniatus yomwe imaoneka chimodzimodzi koma si wrasse nkomwe, kamwa lake lili pansi pa mphuno osati kutsogolo, ndipo m'malo motsuka imaluma zipsepse za zinzake.

Gulu lomaliza ndi lomwe lapusitsa anthu ambiri, tiana tokongola tomwe timadzakhala zimphona. Kamwana ka Coris formosa kapena Coris gaimard ndi kofiira ka mawanga oyera ozunguliridwa ndi mzere wakuda kumsana, ena amakayesa nsomba ina yotchedwa clownfish, koma gaimard imafika masentimita 40, formosa mpaka 60, ndipo zikakula zimagubuduza miyala ndi makorali kufuna nkhono ndi nkhanu. Novaculichthys taeniourus, dragon wrasse, ikakhala yaing'ono ili ndi tinyanga tiwiri pamutu ndipo imayandama ngati tsamba, ikakula imasuntha miyala ndi kamwa. Thalassoma lunare, yobiriwira ya mizere yapepo kumutu ndi kachikasu pakati pa mchira, imapitirira masentimita 25 ndipo imamaliza ma shrimp onse. Cheilinus undulatus ija ndi yotetezedwa, inaikidwa mu 2004 pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zomwe zili pangozi yotha, wina akakuonetsani kamwana kake mungokana. Zonsezi si za thanki ya makorali.

Chachitatu, magetsi ndi malo

Musanagule galasi, konzani za magetsi. Nsomba za m'nyanja ya mchere zimafa msanga madzi akasiya kuyenda chifukwa mpweya umatha, ndipo madzi a mchere amasunga mpweya wochepa kuyerekeza ndi madzi wamba, makamaka kukatentha. Nde pampu yoyendetsa madzi ikhale pa batire kapena inveta ya sola nthawi zonse. Pampu ya mawati 15 pa batire la 100Ah imatha kuyenda tsiku lathunthu nkupitirira. Sunganinso kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi. Magetsi owalitsa thanki olo atazima tsiku limodzi kapena awiri palibe chimafa, hita ndi yomwe imamaliza batire msanga, nde ikafika nthawi yozizira magetsi atazima ingokutani thanki ndi bulangete.

Madzi azikhala pa madigiri 24 mpaka 26. Kuno Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira 30, nyumba ya malata yopanda siling'i ndiye kaya, nde ikani thanki m'chipinda chozizirirapo kutali ndi windo, ndipo kafani kaziuzira pamwamba pa madzi. Zikavuta ponyanimo botolo la madzi oundana lotseka bwino. Juni ndi Julaye usiku kumazizira kwambiri, hita ndi yofunika.

Thanki ikhale ya malita 200 kupita mtsogolo, yotalika masentimita 100 kapena 120, chifukwa ma wrasse amafuna mtunda wothamangamo kuposa kuya. Madzi ambiri sachedwa kukupulumutsani, satentha kapena kuzizira msanga ngati a mu kathanki kakang'ono. Kumbukirani kuti madzi okhawo ndi makilogalamu oposa 200, osawerengera miyala ndi galasi, nde kalipentala kapena wowotcherera akupangireni choikapo cholimba chosapendekeka, chachitsulo mupake penti bwinobwino poti mchere umadya chitsulo.

Chachinayi, madzi

Madzi a pa mjigo, a pachitsime kapena a pampopi musathire mwachindunji. A pampopi ali ndi klorini, a pa mjigo ali ndi michere ina yomwe simukuidziwa, a mvula otsika pa malata amatenga fumbi ndi zitsulo. Pezani kamakina kosefera madzi kotchedwa RO, makamaka kokhala ndi sefa ina yotchedwa DI kumapeto, ndi kamita ka TDS koyeza zosungunuka m'madzi, madzi otuluka aziwerenga 0 kapena kuyandikira pamenepo. Mchere wake si wa kukhitchini kapena wa miyala wa pamsika uja ayi, ndi wopangidwira thanki monga Red Sea, Instant Ocean kapena Tropic Marin, muli calcium, magnesium ndi zina zonse zomwe zili m'nyanja. Pa lita imodzi mumathira magalamu 35 mpaka 38, nde ndowa ya malita 20 imadya magalamu 700 ndi kakuti. Muziyamba madzi kenako mchere, musiye pampu ikuvundula usiku wonse, mmawa yezani ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, iwerenge 1.025 kapena 1.026, komwe ndi 35 ppt, kutanthauza magawo 35 a mchere pa 1000.

Mukadzaza thanki musathamangire nsomba. Ponyanimo kachidutswa ka prawn kapena chakudya cha nsomba pang'ono kuti chiwole, onjezerani mabakiteriya a m'botolo ngati mwawapeza, kenako muziyeza. Zowolazo zimatulutsa poizoni wotchedwa ammonia, mabakiteriya amamusandutsa nitrite kenako nitrate. Ammonia ikwera kenako itsika, nitrite ikwera kenako itsika, zonse zikafika pa 0 ndipo nitrate yayamba kuoneka ndiye kuti thanki yapsa. Zimatenga masabata 4 mpaka 6. pH, muyezo wa asidi m'madzi, izikhala 8.1 mpaka 8.4, ndipo ngati muli makorali alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa pH kutsika, izikhala cha pa 8 kapena 9 dKH, calcium 400 mpaka 450, magnesium cha pa 1300.

Chachisanu, miyala, mchenga ndi chivundikiro

Miyala ya kuphiri kapena mchenga wa ku Bua ayi, simudziwa zitsulo zomwe zilimo ndipo mchenga wa kumtsinje ndi wakuthwa. Gulani miyala youma ya aragonite, mwala wa laimu wa m'nyanja, kapena youmba yopangidwira thanki, ikhale ya mabowo ambiri, muiyale mosiya timapanga ndi njira zodutsa. Miyala iyambe kukhala pagalasi penipeni kenako mchenga pambuyo, chifukwa mukaisanja pamwamba pa mchenga nsomba ikamakumba pansi mwala umagwa nkuiphwanya kapena kuswa galasi.

Ngati mwasankha Halichoeres, mchenga ukhale wa aragonite wosalala, timibulu ta milimita 1 kapena kucheperapo, wokuya masentimita 5 mpaka 7. Nsombayi imalowa mumchenga ndi mutu ili pa liwiro, nde ukakhala wokhakhala imachekeka pakamwa ndi pamimba, mabala aja nkuyamba kuwola. Mmawa magetsi akayaka muona mchenga pamalo amodzi ukugwedezeka, kenako kamphuno kachikasu ndi diso limodzi, imakhala choncho kwa kanthawi ikuyang'ana uku ndi uku, kenako imatuluka yonse mchenga ukuyoyoka pamsana nkuyamba kuzungulira miyala. Imakonda kugona malo omwewo tsiku ndi tsiku komanso nthawi yomweyo.

Chivundikiro musanyengerere. Ma wrasse onse amadumpha, ma fairy ndi ma flasher ndiye akatswiri, chitseko chikangomenyeka kapena magetsi akayaka mwadzidzidzi usiku mupeza ili pansi itauma. Kampata kolowera waya wa hita kokha nkokwanira. Pangani felemu ya pulasitiki kapena aluminiyamu, mukokepo neti ya pulasitiki ya mabowo osapitirira mamilimita 6. Neti imaposa galasi chifukwa mpweya umadutsa, kutentha kumatuluka, ndipo nsomba ikadumpha sivulala. Koma chonde abale, neti yogonamo ya udzudzu ija musayerekeze, inanyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo ndipo mankhwala amenewo amapha nsomba ndi ma shrimp ngakhale atagweramo pang'ono chabe. Waya wa nkhuku nayenso ayi, amachita dzimbiri.

Chachisanu ndi chimodzi, kuitanitsa ndi ulendo

Pitani kaye ku ofesi ya za usodzi mukafunse za chilolezo cholowetsera nsomba zamoyo m'dziko muno, musadikire kuti bokosi lifike pa eyapoti kenako muyambe kuthamanga ndi mapepala nsomba zikutha mpweya. Makorali olimba ali pa CITES nde amafuna mapepala akeake. Nsomba za mbali yathu ino zambiri zimachokera ku Kenya cha ku Mombasa, ndipo mashopu akuluakulu ali ku South Africa. Ulendo ukafupika nsomba imafika yamphamvu, nchifukwa chake ndimakonda mitundu ya ku Indian Ocean. Mukhale angapo muitanitse limodzi kuti mtengo wa ndege mugawane.

Pa vidiyo ija onani kuti ikudya, mimba si yolowa, kuseri kwa mutu sikunaphwe, kamwa silinachekeke, maso ndi oyera, ndipo ikusambira mowongoka. Yomwe ikuzungulira ngati yataya mutu kapena ikulephera kudziwongola mwina inavulala msana podzimenyetsa m'thumba, kawirikawiri sichira.

Mwayi wathu ife a ku Kasungu ndi woti Kamuzu International Airport ili ku Lumbadzi mbali yathu ya M1, simulowa mu tauni. Pezani galimoto yoti inyamuke nthawi yomweyo, osati minibasi yodikira kudzaza, bokosi likhale mkati pamthunzi osati ku buti, ndipo musalitsegule panjira kuti muone.

Chachisanu ndi chiwiri, thanki yodikirira

Nsomba yatsopano isalowe mu thanki yaikulu tsiku lomwelo. Konzani kathanki ka malita 40 mpaka 60, kokhala ndi fyuluta ya siponji yomwe inakhalapo kale mu thanki yaikulu kuti itenge mabakiteriya, hita, zidutswa za mapaipi a PVC zobisalamo, ndi chivundikiro chake. Kwa ogona mumchenga ikanimo kontena ya pulasitiki yodzaza mchenga wosalala, popanda pogona amapanikizika mpaka kudwala.

Mufunseni wogulitsa mchere wa madzi ake kuti kathankiko mukafananitse kale. Mukafika zimitsani magetsi a m'chipinda, yandamitsani thumba lili chitsekere kwa mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kufanane, kenako tsegulani, tengani nsomba yokha muiike, madzi a m'thumba mutaye. Musaisiye nthawi yaitali m'thumba lotsegula. Paulendo wautali m'thumba mumadzaza ammonia koma pH imakhala yotsika nde siluma kwambiri, mukangotsegula mpweya ukalowa pH imakwera ndipo ammonia yomweyo imasanduka poizoni.

Ikhale mmenemo masabata 4. Muziyang'ana timadontho toyera pakhungu, komwe ndi matenda a Cryptocaryon, kapena kafumbi konyezimira ndi kupuma mothamanga, komwe ndi matenda a Amyloodinium ndipo iyi imapha m'masiku ochepa. Ndowe zoyera zazitali ngati ulusi nthawi zambiri ndi za tizilombo ta m'mimba. Ambiri amapereka praziquantel, mankhwala omwewa amene anthu timamwa a likodzo, koma gulani opangidwira nsomba mutsate muyezo wa pa botolo, mubwereze pakatha sabata, ndipo muonjezere mpweya m'madzi. Mankhwala a kopa (mkuwa) amachiza timadontho tija koma ma wrasse sagwirizana nawo kwenikweni, muzikweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo mukuyeza, ndipo mchenga wa mu kontena ukhale wa silica poti aragonite imamwa kopa. Kopa asayandikire thanki yaikulu olo kudzera pa neti kapena ndowa, amapha makorali, nkhono ndi ma shrimp.

Chachisanu ndi chitatu, kulowetsa mu thanki yaikulu

Ofatsa ayambe, andewu amalize. Flasher kaye, kenako fairy, kenako Halichoeres. Amuna awiri a mtundu umodzi ayi, amamenyana mpaka mmodzi kufa. Amuna a mitundu yosiyana amatha kukhala limodzi thanki ikakhala yaikulu, ndipo amawala kwambiri chifukwa amaonetserana. Mukagula yaimuna ndi zazikazi musadabwe yaikazi ina ikayamba kusintha nayo kukhala yaimuna, mu thanki zimachitika kawirikawiri, nde nkhondo imayambira pomwepo. Njira yosavuta ndi imodzi imodzi pa mtundu uliwonse.

Ngati muli kale ma wrasse ena, mlendo muyambe mwamuika mu kabokosi koonekera ka mabowo kopachika mkati mwa thanki kwa masiku awiri atatu, eni malo azimuona koma osamufikira. Akasiya kumulondalonda mutsegulireni madzulo.

Halichoeres ikangolowa imatha kudzikwirira osaonekanso masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, ina imatuluka usiku chifukwa ikadali pa nthawi ya komwe yachokera. Musakumbe mchenga kuifuna, mungoiopseza nkuyambiranso kuwerenga masiku, mwinanso kuivulaza. Yang'anani pansi kuseri kwa thanki kuti sinadumphe, yezani ammonia, kenako dikirani.

Chachisanu ndi chinayi, kudyetsa

Ma fairy ndi ma flasher ali ndi timimba tating'ono ndipo sapuma kusambira, nde pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa tsiku, osati mulu kamodzi. Mysis youndana, tima shrimp tating'ono ta mufiliji, ndi yabwino kwambiri, koma ndi mmene filiji imazimira kunoku musadalire yokhayo, chakudya chomwe chasungunuka nkuundananso kangapo tayani. Azoloweretseni tima pellet tating'ono ta nsomba za m'nyanja ya mchere ta milimita 1 kapena kuchepera, muzisakaniza ndi chomwe amakonda kale mpaka ayambe kutola. Mazira a Artemia, tizilombo tating'ono ta m'madzi a mchere, amasungika ouma, mumawaswetsa mu botolo la malita 2 la madzi a mchere ndi kapaipi ka mpweya, pakatha tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka mwapeza chakudya chamoyo chomwe chimadzutsa ngakhale nsomba yokana kudya. Prawn yaiwisi ya mu shopu yodula tinthu ting'onoting'ono imathandizanso. Usipa, matemba kapena nyama ayi, mafuta ake si omwe nsomba za m'nyanja ya mchere zimafuna ndipo zimaononga madzi msanga.

Za tsiku ndi tsiku

Madzi akaphwa muziwonjezera a RO opanda mchere, chifukwa chomwe chauluka ndi madzi okha mchere watsala momwemo, ndipo nyengo yotentha fani ikuyenda amaphwa kwambiri nde lembani kamzere pagalasi muzidzaza tsiku lililonse. Sabata iliyonse chotsani malita 10 pa 100 alionse muthire a mchere atsopano ofanana kutentha, mukupopa pamwamba pa mchenga pokha ndipo masana nsomba zitadzuka.

M'chipinda cha thanki musapopere mankhwala a udzudzu, musayatse koyilo, ndipo opopera m'nyumba akabwera chipindacho achisiye. Amene mumagwira fodya ku chigafa kapena mankhwala a kumunda, sambani m'manja mpaka m'zigongono ndi madzi ambiri, sopo achokeretu, musanapise dzanja mu thanki, mafuta odzola nawonso chimodzimodzi. Ndowa, paipi ndi neti za thanki zilembedwe chizindikiro ndipo aliyense pakhomo adziwe kuti sizochapira kapena kukolopera. Mabatire a kapampu ka mpweya kaja muziwayesa kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, ndipo amene amatsala pakhomo inu mukachoka mumuonetse poyatsira.